Nkhungu Yabwino Yolimbana ndi Chuku M'munda

Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko sendererani, chifukwa kathumba kali m'manja mwangaka kazungulira kuti aliyense aone.

Mukatsegula muona mapira, koma obiriwira ngati buluu wochapira. Si chakudya, ndiponso mutawadzala sangamere, chifukwa anawawotcha kaye. Dzina lake ndi Aflasafe, ndipo ntchito yake ndi kulimbana ndi poizoni wa chuku m'chimanga ndi mu mtedza.

Poizoniyu asayansi anamuzindikira mu 1960, pomwe nkhukundembo zoposa 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chosakaniza ndi mtedza wochokera ku Brazil. Atafufuza anapeza nkhungu yotchedwa Aspergillus flavus, imene imakhala m'dothi, ndipo poizoni wake anamutcha aflatoxin. Saoneka, sanunkha, ndipo moto wa pamafuwa sumutha. Mukazinge mtedza, musinje nsinjiro, mupere chiponde, amakhalamobe. Akachuluka nthawi imodzi amapha: mu 2004 kum'mawa kwa Kenya anthu 125 anamwalira atadya chimanga choipa. Koma kawirikawiri amalowa pang'onopang'ono, n'kumawononga chiwindi mpaka kuyambitsa khansa, makamaka mwa munthu amene ali kale ndi matenda a chiwindi otchedwa hepatitis B. Kafukufuku wasonyezanso kuti ana amene amadya poizoniyu kwambiri amapinimbira. Ng'ombe ikadya gaga woipa, gawo lina limatulukira mu mkaka.

Tsono chodabwitsa n'chakuti nkhungu ya mtundu womwewu ili ndi mafuko ambiri, ndipo ena satulutsa poizoni ngakhale pang'ono. Katswiri wina wa ku America, Peter Cotty, anasonyeza m'minda ya thonje ku Arizona kuti mukachulukitsa fuko lofatsali m'munda, limayamba ndi ilo kukhala pa mbewu, loipa lija n'kusowa malo. Zili ngati pa benchi ya kuchigayo: wofika mochedwa amapeza podzaza. Bungwe lofufuza za ulimi la IITA, lomwe likulu lake lili ku Ibadan ku Nigeria, linatenga nzeruyi n'kuibweretsa ku Africa. Satenga nkhungu ya kunja ayi. Amatola ya m'dothi la dziko lomwelo, kusankha mafuko anayi opanda poizoni, n'kuwamata pa mapira. Malawi, Zambia ndi Mozambique ali ndi Aflasafe yochokera m'dothi la kuno. M'minda yoyeserera poizoni amatsika ndi 80 peresenti kapena kuposa, ndipo chitetezocho chimapitirira mpaka m'nkhokwe.

Kathiridwe kake mvetserani bwino, chifukwa ambiri amalakwitsira pamenepa. Pa ekala imodzi pamafunika makilogalamu 4, pa hekitala 10. Mumawaza ndi manja pamwamba pa dothi, mofanana munda wonse. Pa chimanga, wazani kutatsala sabata ziwiri kapena zitatu kuti chitulutse ngayaye. Mukawaza ngayaye zitatuluka kale, nkhungu yoipa yakhala italowa kale. Dothi likhale lonyowa, chifukwa nkhunguyi imadzuka ndi chinyontho. Pakatha masiku angapo mudzaona timapirato tachita ubweya wobiriwira, ndiye kuti zagwira. Mukawaza pa ng'amba, timangokhala duu, nyerere ndi mbalame n'kumatola.

China: malizani kupalira, kuthira feteleza wobereketsa ndi kubandira musanawaze. Mukabandira pambuyo, mwakwirira mapira aja, ndipo fumbi la nkhungu silingauluke kukafika pa mbewu. Musapoperenso mankhwala opha nkhungu nthawi imeneyi. Nkhuku zisalowe m'munda masiku oyamba, ndipo thumba lotsala muliike pouma, kutali ndi ana.

Musaganize kuti zokolola zichuluka. Aflasafe si feteleza. Matumba adzakhala omwewo, kungoti chakudyacho chidzakhala chosaopsa, ndipo mtedza wake ungathe kulowa m'misika yovuta. Ku Ulaya malire a poizoniyu mu mtedza wodya mwachindunji ndi magawo 4 okha pa biliyoni.

Abambo afunsa kuti amene alibe ndalama yogulira atani. Pali zambiri zaulere. Chuku chimakonda mbewu yofooka ndi chilala chakumapeto, ndi chitsononkho chimene chabooledwa ndi mbozi monga ntchemberezandonda. N'chifukwa chake kudzala ndi mvula yoyamba, kutseka mizere kuti madzi asathawe, ndi kuphimbira dothi kumathandiza. Mtedza ukumbeni ukangokhwima, osauvulaza ndi khasu. Uunjikeni ndi masangwi ake, makoko asakhudze pansi, pakati musiye mpata wa mphepo. Chimanga musachiyanike pa dothi. Yalani mphasa kapena lona.

Apa amayi ndi ogula mtedza mundikhululukire, koma ndinena. Chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe poswa, kapena kuti ulemere pa sikelo, n'choipa kwambiri. Mtedza umene munauumitsa bwino mwaunyowetsanso, kenako mwautsekera m'thumba lotentha. Nkhungu sifuna china kuposa pamenepo.

Chimanga chisalowe m'thumba chinyontho chisanatsike kufika pa 13 peresenti. Ngati mulibe makina oyezera, tengani botolo lagalasi louma, thirani chimanga gawo limodzi mwa magawo atatu, onjezerani masupuni awiri kapena atatu a mchere wouma, tsekani, khutchumulani kwa mphindi imodzi, n'kulisiya mphindi 15. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa. Matumba muwasanje pa mitengo, asagunde pansi kapena khoma.

Ofufuza a kuno ku Malawi anayerekeza njira zochotsera poizoniyu: kusankha ndi manja, kutsuka, kuyandamitsa m'madzi ndi kukonola. Chimene chinachotsa poizoni wambiri chinali kusankha ndi manja, pa lichero, njere imodziimodzi: zowola, zosweka, zonyala, zosintha mtundu. Koma zotsalirazo musazisandutse nsinjiro za ndiwo, monga zimachitikira m'makomo ambiri pomwe mtedza wabwino wapita ku msika. Musafulire mowa, ndipo musapatse nkhuku kapena ng'ombe zamkaka. Kumbani dzenje kutali ndi munda ndi chitsime, mukwirire, kapena muziwotche.