Madzi a pansi pa mchenga: mmene Aiguputo akale ankakhalira ku Kharga ndi Dakhla

[Pa sikirini: mapu a Egypt, kumadzulo kwa mtsinje wa Nile]

Taonani madontho obiriwirawa pakati pa mchenga: Siwa, Bahariya, Farafra, Dakhla ndi Kharga. Kunoku mvula imatha zaka osagwa. Madzi amene anthu amamwa ndi a mvula yakalekale, ya nthawi imene Sahara inali ndi udzu ndi nyanja, ndipo anatsekeka m'thanthwe la mchenga pansi pa nthaka. Chimene chinasunga midzi imeneyi ndi ntchito ya manja yotulutsa madziwo.

[Pa sikirini: phiri la Ayn Manawir]

Tiyambire kum'mwera kwa Kharga, pa Ayn Manawir, pomwe akatswiri a bungwe la ku France la IFAO anayamba kufukula m'zaka za m'ma 1990. Anapeza ngalande zapansi pafupifupi 20, zotchedwa qanat. Zoyambirira zinakumbidwa m'zaka za m'ma 400 Khristu asanabadwe, Aperisi akulamulira Egypt.

Kakumbidwe kake nkotere. Mumapeza kaye thanthwe losunga madzi m'phiri. Kenako mumaboola mphanga yopapatiza, yokwana munthu mmodzi, kuchokera m'munsi mwa phiri kulunjika ku madziwo. Pamwamba pake mumakumba zitsime mondondozana, osati zotungira, koma zotulutsira dothi ndi kulowetsa mpweya kwa okumba. Madzi amayenda okha mpaka kuminda, popanda chopopera chilichonse.

Luso lonse lagona pa kutsetsereka kwa mphangayo. Ikatsetsereka kwambiri, madzi amathamanga n'kumakokolola pansi pake mpaka makoma kugumuka. Ikakhala yosatsetsereka mokwanira, madzi amaima ndipo matope amatseka njira. Vuto lalikulu linali lina: madzi akalewa akatuluka sabwereranso. Akatsika m'thanthwe, anthu ankazamitsa pansi pa mphanga kuwatsatira, ndipo akatsika kupitirira minda, ngalande yonse inkatha ntchito. Onjezanipo milu ya mchenga yoyenda ndi mphepo, yomwe imakwirira zitsime ndi minda yomwe.

Chotikhudza kwambiri pamalowa ndi mapale olembedwa oposa 400 m'zilembo za demotic, kalembedwe ka tsiku ndi tsiku ka Aiguputo akale. Ambiri ndi mapangano, ndipo madzi ankagulitsidwa kapena kubwereketsedwa pa nthawi: tsiku lathunthu, theka la tsiku, kagawo ka tsiku pamwezi. Alembi ankaika chaka cha ufumu wa mfumu, n'chifukwa chake mapale amenewa amathandiza kudziwa zaka zenizeni za mudziwo. Madzi ogawanawo ndi amene ankathirira balere, kanjedza, maolivi ndi nsatsi.

[Pa sikirini: mitsuko yosweka pansi pa phiri]

Ku Dakhla nkhani imabwerera m'mbuyo kwambiri. Pa Ayn Asil panali nyumba ya abwanamkubwa a nthawi ya mfumu Pepi II, zaka zoposa 4,000 zapitazo. Kuchokera ku Dakhla kuli njira ya makilomita pafupifupi 400 yolowera ku mapiri a Gilf Kebir, kum'mwera chakumadzulo kwa Egypt, yomwe Carlo Bergmann, wofufuza m'chipululu wa ku Germany, anaitulukira mu 1999. Imatchedwa njira ya Abu Ballas, ndipo ilibe chitsime n'chimodzi chomwe. Ngamira zinali zisanayambe kugwiritsidwa ntchito, kotero katundu ankanyamulidwa ndi abulu, omwe amapirira ludzu masiku awiri kapena atatu basi. Ndiye magulu ena ankatsogola kukaika mitsuko ya malita pafupifupi 30 uliwonse pamalo oimapo, otalikirana ulendo wa masiku atatu, n'kuidzaza ndi madzi obwera m'matumba achikopa. Abulu onyamula madziwo nawonso ankafunika kumwa popita ndi pobwerera, choncho malo akatalikira, maulendo okawadzaza ankachuluka.

Mukafika pamalo ngati awa, musasunthe phale ngakhale limodzi. Kaumbidwe ka mtsuko kamauza akatswiri nthawi yake, koma pamene wagona ndi pomwe pamasonyeza kumene njira inkadutsa.