Mwana akafunsa za phulusa la pamphumi

Mwadzuka bwanji makolo ndi aphunzitsi a ana athu? Mawu a lero tiwerenge Mateyu 4:1-2 ndi Yesaya 58:7.

Ana amayamba kufunsa zomwe aona ndi maso, choncho yambirani pa phulusa lomwe timapakidwa pamphumi pa Lachitatu la Phulusa, tsiku loyamba la Lenti. Auzeni kuti limachokera ku masamba a kanjedza omwe tinanyamula chaka chatha pa Lamulungu la Kanjedza, ndipo limatikumbutsa kuti ndife fumbi, tiyenera kutembenuka mtima. Nenetsani kuti si mankhwala kapena chithumwa. Mukapanda kutero, mwana amachita mantha likafufutika, ena mpaka kukana kusamba.

Lenti ndi masiku 40 okonzekera Pasaka, monga Ambuye Yesu anakhalira masiku 40 m'chipululu osadya. Mwana wodziwa masamu akawerenga pa kalendala kuchokera Lachitatu la Phulusa mpaka Loweruka Loyera adzapeza 46. Muuzeni achotsepo masiku 6 a Lamulungu, pakuti limeneli ndi tsiku la kuuka kwa Ambuye ndipo sitisala.

Pa nkhani ya chakudya m'pamene ambiri timalakwitsa. Mu Mpingo wa Katolika kusadya nyama kumayambira zaka 14, kusala kudya kumayambira zaka 18 mpaka 59, ndipo masiku osala kudya ndi awiri: Lachitatu la Phulusa ndi Lachisanu Loyera. Mwana wa zaka 8 musamumane phala m'mawa poganiza kuti mukumuphunzitsa uzimu. Akafika m'kalasi azingosinza, ndipo chomwe adzasunge mumtima n'chakuti Mulungu amakondwera ndi njala yake. Tisaiwalenso kuti Lenti imayamba mu February kapena March, nkhokwe zambiri zitapepuka. Pakhomo pomwe nyama imaoneka kamodzi pa mwezi, mawu akuti "tikusala nyama" samveka kwa mwana.

Chomwe amamva msanga ndi cha Yesaya, choti chomwe wadzimana chifike kwa wanjala. Pezani chitini chouma chokhala ndi chivindikiro. Musanathire ufa mumphika, mwana atape dzanja limodzi aike m'chitinimo, kamodzi pa tsiku. Musadikire masiku onse 40, chifukwa nyengo ya mvula ufa suchedwa kuchita nkhungu. Loweruka lililonse aunyamule yekha, inu mum'perekeze kwa agogo kapena wodwala wa mu mphakati mwanu, ndipo apereke ndi manja awiri. Ngati ufa ukuperewera pakhomo panu pomwe, musadzikakamize: akawatungire madzi, akawasesere pabwalo, akawatolere nkhuni. Wamkulupo angasiye kugula zitumbuwa Lachisanu, ndalamayo n'kuiponya m'botolo la banja. Koma asankhe yekha choti asiye. Chosankhiridwa ndi bambo chimamveka ngati chilango.

Pemphero likhale lalifupi, mphindi 5 musanagone zakwana. Njira ya Mtanda, pemphero lokumbukira ulendo wa Yesu wopita kukapachikidwa, ili ndi zigawo 14, ndipo wamng'ono amatopa isanafike pakati. Kunyumba tengani zitatu zokha: Yesu akumana ndi amayi ake, Simoni wa ku Kirene amuthandiza kusenza mtanda, Veronika amupukuta nkhope. Mukatha mufunseni kuti lero wathandiza ndani, ndipo ndani amene wamulakwira. Ngati nanunso munam'kalipira popanda chifukwa, yambani ndinu kupepesa iye akumva.

Madzulo ano, chitini chija chikhale chitatsukidwa ndi kuuma.