Mawu a M'mawa: Nkhata za Maluwa ndi Miyala ya ku Lustra

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo a ku Harare: ku Mbare, Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi konse kumene uthengawu ukupezeni. Musanathamangire kombi, tiyeni titsegule Machitidwe 14:8-20.

Paulo ndi Barnaba afika ku Lustra. Kumeneko kuli munthu wolumala miyendo chibadwire, sanayendepo n'kamodzi komwe. Paulo amuyang'anitsitsa, aona kuti ali ndi chikhulupiriro, ndipo amufuulira kuti aimirire. Munthu uja dzambatu, wayamba kuyenda. Mzinda wonse unatekeseka. Anthu anayamba kufuula m'chilankhulo chawo kuti milungu yatsikira kwa iwo itasanduka anthu. Barnaba anamutcha Zeu, Paulo anamutcha Herme poti ndiye ankatsogolera kulankhula. Wansembe wa Zeu anabwera ndi ng'ombe zamphongo ndi nkhata za maluwa kuti apereke nsembe. Atumwiwo anang'amba zovala zawo, nathamangira m'khamumo akukuwa kuti ifenso ndi anthu ngati inu nomwe.

Pa vesi 18 anthu akukakamirabe kuti aphe ng'ombe zija. Pa vesi 19 kwabwera ena ochokera ku Antiokeya ndi Ikoniyo, akopa khamu lomwe lija, ndipo Paulo wagendedwa miyala mpaka kumukokera kunja kwa mzinda poganiza kuti wafa. Mzinda ndi womwewo, manja ndi omwewo.

Amene amakonda mpira sakusowa womumasulira ndime imeneyi. Khamu la ku Lustra timakhala nalo Lamlungu masana ku bwalo la mpira la Rufaro, timakhala nalo m'mabala ndi m'makomo momwe muli TV, ndipo masiku ano limagona nafe m'foni.

Mukukumbukira Januwale wa 2022, ku Bafoussam m'dziko la Cameroon, pamene Flames ya Malawi ndi Warriors ya Zimbabwe zinakumana mu mpikisano wa mayiko a mu Africa wa AFCON. M'nyumba zambiri za ife a kuno tsiku limenelo munalibe mtendere: agogo akuchemerera Malawi, adzukulu obadwira ku Harare akuchemerera Zimbabwe, mayi akungotsuka mbale osafuna kulowerera. Ishmael Wadi anayamba kugoletsa, kenaka Gabadinho Mhango anabweza ziwiri, Malawi n'kupambana 2-1. Pa WhatsApp usiku umenewo, mbali ina inali kuveka munthu nkhata, mbali ina inali kutola miyala. "Achoke onse." "Angodya ndalama basi." "Ngakhale agogo anga akanautchinga umenewo." Ena mwa olemba mawuwa anali atangochoka ku mapemphero.

Mu 2019 ku Cairo, Warriors itagonja 4-0 kwa DR Congo, goloboyi amene anaima pagolo anzake atavulala ndiye anasenza mlandu wa dziko lonse. Analakwitsa, inde, tonse tinaona. Koma zimene zinalembedwa za iye zinadutsa malire a mpira. Ndipo musaiwale kuti mnyamata wotere ali ndi mayi ake amene amapita kumsika, ali ndi achibale amene amakwera kombi yomweyo imene anthu akumutukwaniramo.

Ndikuona kuti miyala imayambira pa nkhata. A ku Lustra sakanakwiya chonchija akanayamba ndi kuona Paulo ngati munthu. Munthu akapunthwa timati pepa. Koma mulungu amene tadziumbira tokha akapunthwa, timamva ngati watinamiza. Mnyamata wa zaka 22 timamusenzetsa chimwemwe chathu chonse, ulemu wa dziko, ndi mkwiyo wa zinthu zina zomwe sizikutiyendera: lendi, magetsi othimathima, ntchito yosowa. Iye akungodziwa kuti wabwera kudzamenya mpira. Ndinene ndi ichi, ngakhale ena sakondwa nacho: mkwiyo wambiri wa masiku ano ndi wa tikiti ya kubetcha. Munthu waika ndalama ya ufa pa timu, penate yaphonyedwa, ndiye akutukwana mwana wa eni ake ngati ndi iye anamutuma ku shopu ya kubetcha.

Miyala imeneyi imapha ndithu. Mu 1994, pa chikho cha dziko lonse ku America, Andrés Escobar wa Colombia anadzigoletsa yekha pofuna kutchinga mpira, timu yake n'kugonja 2-1 kwa United States. Atabwerera kwawo ku Medellín, anthu ena anayamba kumunyoza za chigolicho, ndipo pa 2 Julayi anawomberedwa n'kufa ali ndi zaka 27. Moacir Barbosa, goloboyi wa Brazil pa masewero amene anagonja 2-1 kwa Uruguay pa bwalo la Maracanã mu 1950, iye sanaphedwe, koma anakhala akulozedwa chala mpaka imfa yake mu 2000. Zaka 50 za chigoli chimodzi. Yakobo 3 amati lilime ndi moto; m'masiku athu ano lilime lasamukira ku chala chachikulu.

Koma vesi limene landigwira m'mawa uno ndi la 20. Paulo ali gone kunja kwa mzinda, fumbi ndi magazi, khamu labalalika. Baibulo likuti ophunzira anamuzungulira, ndipo anadzuka n'kulowanso mumzinda. Silikutiuza kuti analalikira chiyani kapena kuti anali angati. Mayina awo palibe. Anangobwera n'kuima pamene panagwa munthu, pa nthawi imene kuima pamenepo kukanawaputira miyala nawonso. Mawa lake Paulo ananyamuka ndi Barnaba kupita ku Derbe, ntchito n'kupitirira. Ndipo pa Machitidwe 16 Paulo atabweranso m'dera lomwelo, anapezako wophunzira wachinyamata dzina lake Timoteo, amene abale a ku Lustra ankamuchitira umboni wabwino. Mzinda wa miyala uja unatulutsanso Timoteo.

Zoterezi zinaonekanso mu Julayi 2021 pa bwalo la Wembley ku London. England inagonja kwa Italy pa mapenate mu fainolo ya Euro, mpikisano wa mayiko a ku Ulaya. Marcus Rashford, Jadon Sancho ndi Bukayo Saka anaphonya, ndipo usiku womwewo anatukwanidwa pa intaneti chifukwa cha khungu lawo lakuda. Dzulo lake anali ana a dziko, atangophonya anakumbutsidwa kuti makolo awo ndi obwera. Ife amene takulira kuno tikutchedwa mayina chifukwa agogo athu anachokera ku Nyasaland kudzagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi, ululu umenewo tikuudziwa fungo lake. Saka anali ndi zaka 19 zokha. Ku Withington mu mzinda wa Manchester, chithunzi cha Rashford chojambulidwa pakhoma chinalembedwa zonyoza. Anthu wamba anabwera ndi timapepala ta mawu olimbikitsa, maluwa ndi mbendera, n'kuphimba zonyoza zonse zija. Saka atabwerera ku timu yake ya Arsenal anapeza khoma lodzaza makalata a anthu omufunira zabwino. Patapita zaka zitatu, mu 2024, pa masewero a England ndi Switzerland, mnyamata yemweyo anayendanso ulendo uja wochoka pakati pa bwalo kupita pa penate, n'kumwetsa, akumwetulira.

Musandimve molakwa. Kudzudzula masewero oipa si tchimo. Timu ikasewera mwaulesi tinene, kochi akasankha molakwika tinene, akuluakulu oyendetsa masewero akalephera kulipira osewera kapena kukonza mabwalo tinene mokweza, pakuti kawirikawiri amene amathawa mlandu ndi iwowo, miyala n'kugwera mwana amene ali m'bwalo. Paulo yemwe anamudzudzula Petro maso ndi maso ku Antiokeya. Kusiyana kwake n'kwakuti wodzudzula amafuna mnzake adzuke, pomwe wogenda amafuna kumukokera kunja kwa mzinda.

Ndipo si pa mpira pokha. M'nyumba mwathu muli mwana amene tinamutcha dokotala ali giredi 3, lero zotsatira za O Level sizinatuluke bwino ndipo palibe akumulankhula. Kuli mbale amene anapita ku Joni, tinkamuimbira foni sabata iliyonse akutumiza ndalama, wabwerako ndi chikwama chokha ndipo tikumuseka kuseri. Mumpingo muli woimba amene anasokoneza nyimbo pa msonkhano waukulu, mpaka lero akukhala benchi ya kumbuyo. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Wina mwa anthu amenewa nambala yake ili m'foni yomwe mwagwirayo. Kumuimbira sikufuna ulaliki. "Wadzuka bwanji, ndimati ndikumve" n'zokwanira, ndipo gulu likayamba kumudya munthu, mukhoza kungolemba kuti abale, uyu ndi mwana wa munthu.

Tipemphere. Atate, Inu nokha ndinu Mulungu. Tithandizeni kuti tisaumbe milungu ina mwa ana a anthu. Gwirani zala zathu lero tisanalembe mawu opha. Tikupempherera anyamata ndi atsikana amene amanyamula mbendera ya Zimbabwe ndi ya Malawi m'mabwalo, makamaka amene usiku wathawu sanagone chifukwa cha zimene awerenga za iwo. Tonthozani makolo awo. Masulani amene amangidwa ndi kubetcha. Tionetseni amene wagwa pafupi nafe, ndipo mutipatse mtima wopita kukaima naye. M'dzina la Yesu Khristu, Amen.