Mphaka wowonda ndi njala musamukhutitse tsiku loyamba

Tikambe za mphaka amene mwamutola atatsekeredwa m'nyumba kapena m'nkhokwe masiku asanu kapena kuposerapo, nthiti zikuwerengeka. Chifundo chimati mum'dzazire mbale. Musatero ayi, mbale yodzadzayo ndi imene ingamuphe.

Chimachitika ndi ichi. Chakudya chikalowa chambiri mwadzidzidzi, makamaka chokhala ndi shuga kapena sitachi, thupi limatulutsa insulin wochuluka, timadzi timene timalowetsa shuga m'maselo. Insulin uja amakokera mchere wofunika m'thupi, womwe ndi phosphorus, potassium ndi magnesium, kuchoka m'magazi kulowa m'maselo, pomwe thupi linali kale lopanda nkhokwe ya mcherewu. Phosphorus akatsika kwambiri, maselo ofiira a magazi amaphulika. Ndiye mphaka amene dzulo anadya bwinobwino, mawa kapena mkuja mumupeza ali lefu. Masiku asanu oyamba ndiwo oopsa.

Choyamba mufunditseni, atenthedwe, mum'patse madzi pang'onopang'ono. Mphaka wozizira sagaya chakudya. Kenako muyezeni pa sikelo. Wolemera makilogalamu 2 amafuna makalori (muyezo wa mphamvu ya m'chakudya) pafupifupi 120 pa tsiku, koma tsiku loyamba apatsidwe gawo limodzi mwa magawo anayi, makalori 30 basi. Pa chakudya cha amphaka cha m'chitini, amenewo ndi magalamu 30 kapena kuposa pang'ono: kasipuni ka tiyi kamodzi maola anayi alionse. Ndibwereze, kasipuni kamodzi. Alira, akutsatani kukhitchini, limbani mtima. Muzionjezera pang'ono tsiku lililonse, kuti afike pa mlingo wonse patatha sabata.

Nsima, phala, mpunga, madzi a shuga, zonsezi ayi. Mkaka wa ng'ombe umam'tsegula m'mimba. Ngati cham'chitini palibe, nyama ya nkhuku yophika yopanda mchere ingathandize masiku ochepa. Nsomba ikhale yophika, chifukwa nsomba zina zaziwisi zimaononga thiamine, vitamini B1, amene ali kale wopelewera.

Kawiri pa tsiku mutukule mlomo muone nkhama. Zikayera kapena kuchita chikasu, mkodzo ukafiira ngati tiyi wopanda mkaka, khosi likagwa chibwano n'kugunda pachifuwa, akamadzandira, kupuma movutika kapena kukomoka, lekani kuonjezera chakudya, thamangani naye kwa dokotala wa ziweto. Zimenezi sizichizika pakhomo: pamafunika kuyeza magazi ndi kubwezeretsa mcherewo kudzera m'diripi. Kunena zoona, dokotalayo amuone lisanathe tsiku loyamba, am'baye thiamine mphakayo asanayambe kudya.