Wachibale wathu akayamba kunenepa ndi mankhwala a schizophrenia

Zikomo a mfumu, zikomo amayi ndi abambo nonse. Amene muli kumbuyoko sendererani kuno kumthunzi, kuti ndisamakuwe.

Lero ndikufuna tikambe za abale athu odwala schizophrenia, matenda aja amene munthu amamva mawu ena sakuwamva, kapena kukhulupirira kuti anthu akumulondalonda. Mu 2022, bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linati munthu 1 pa anthu 300 alionse ali nawo. Ambiri timawatchula dzina lina lija lopweteka, ine sindilitchula pano.

Munthu akabwera kuchokera ku Zomba Mental kapena ku St John of God ku Mzuzu, patapita miyezi itatu mumaona masaya adzaza, buluku silikukwananso m'chiuno. Timasangalala, timati wachira, thupi labwerera. Chimwemwecho ndimachimvetsa, pajatu munamuona atafooka, osadya, osagona. Koma kunenepa kumeneku tikuyang'anitsitse.

Mankhwala ena amatsegula chilakolako cha chakudya moti munthu amadya nsima n'kumamvabe njala. Olanzapine ndi clozapine ndiwo amanenepetsa kwambiri. Chlorpromazine, amene ambiri mumamudziwa kuti CPZ, nayenso amatero, risperidone pang'ono, pamene haloperidol sanenepetsa kwambiri. Onjezani tulo tochuluka, kukhala pakhonde tsiku lonse, ndi fodya amene odwala ambiri amasuta.

Vuto lalikulu ndi mafuta a pamimba, aja obisala mkati mozungulira chiwindi ndi matumbo. M'thupi muli kapamba, ndipo kapambayo amatulutsa insulin. Tikadya nsima, imasanduka shuga m'magazi, ndiye insulin amagogoda pakhomo la minofu kuti shugayo alowe akagwire ntchito. Mafuta a pamimba akachuluka, minofu imakhala ngati yagontha. Kapamba amagogoda mwamphamvu, zaka n'kumapita, mpaka amatopa, shuga n'kutsalira m'magazi. Matenda a shuga amayamba choncho, BP ndi matenda a mtima n'kutsatira. Ofufuza anapezanso kuti ena thupi lawo limayamba kale kusamva insulin asanamwe ndi piritsi limodzi lomwe, choncho mlandu wonse si wa mankhwala okha.

Chimene chimandiwawa n'chakuti anthu odwala matenda aakulu a m'maganizo amamwalira zaka 10 mpaka 20 msanga poyerekeza ndi anzawo, ndipo ambiri chimawatenga ndi mtima, osati mutu. Akapita kuchipatala timangofunsa kuti mawu aja akumvekabe, sikelo osamukweza.

Mayi mwafunsa ngati ndi bwino kungosiya mankhwalawo. Ayi mayi, chonde musatero. Akasiya, matenda amabwerera, nthawi zina moposa poyamba. Pitani naye, mukauze adokotala kuti thupi likukwera msanga. Iwo angathe kusintha mtundu wa mankhwala, kapena kuwonjezera metformin, amene amathandiza thupi kumvanso insulin. Pemphani amuyeze shuga m'mawa asanadye kanthu. Shugayo akafika 126 mg/dL kapena kupitirira pa kamakina koyezera kaja, pafunika kuyezanso ndi kuyamba chithandizo. Mukaona ludzu losatha, kudzuka kukakodza kangapo usiku, kapena chilonda chosapola, musadikire tsiku la pa kabuku.

Kunyumba, chifundo chathu chomwe chimatha kuvulaza. Timamugulira Sobo, mandasi, tiyi wa masipuni anayi a shuga, poti akudwala. Mpatseni mgaiwa mtanda wocheperako, nyemba, bonongwe, chisoso, nkhwani zambiri. Ndipo mphika ukhale umodzi wa banja lonse, asamaone ngati akulangidwa. Mutengeni popita kumunda kapena kudimba m'mawa. Mphindi 30 zoyenda, masiku asanu pa sabata, zimathandiza minofu kumva insulin ngakhale sikelo isanatsike.

Tsopano onani chingwe ndanyamulachi. Mumuyeze pamimba, cha pamchombo, ataimirira ndipo atatulutsa mpweya, n'kumanga mfundo. Mwezi wamawa muyezenso ndi chingwe chomwecho. Amene muli ndi tepi ya telala, mwamuna akapitirira masentimita 94, mkazi 80, kanenereni kuchipatala. Bambo inu muli kutsogoloku, tabwerani tiyambe ndi inu kuti onse aone poyika chingwe.