Tayala Nalonso Lili ndi Tsiku Lobadwa

Zikomo a tcheyamani, zikomo amayi ndi abambo. Tayala ndagubuduzira kutsogolo kunoli linandiphulikira pa Great East Road, titangodutsa Katete, mu Okutobala dzuwa likuswa mtengo. Mu Corolla yanga yakale ija munali ana anga awiri ndi matumba atatu a chimanga. Anagwira chiwongolero tsiku limenelo ndi Mulungu. Linali la salaula, mizere yake yakuya bwinobwino, ndipo pogula ndinkati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe.

Sunthirani pafupi muone. Apa pali zilembo zakuti DOT, ndipo kumapeto kwake kuli manambala anayi: 1412. Awiri oyambawo ndi sabata, awiri omalizawo ndi chaka. Ndiye kuti linapangidwa sabata ya 14 mu 2012. Pomwe ndinkaligula linali litadutsa kale zaka 10. Mphira umakalamba ngakhale tayala litangokhala m'sitolo: umauma, nkuyamba timing'alu ngati tomwe mukutiona m'mbalimu. Gwirani, amayi, mumve kuuma kwake. Opanga matayala ambiri amati likakwana zaka 10 lichoke, mizere ikhalepo kapena ayi. Ine lopitirira zaka 5 sindilitulutsira ndalama.

Sindikunyoza salaula, thumba la tonsefe ndikulidziwa. Koma ena mwa matayala obwera kuchokera ku Japan ndi a nyengo yozizira. Mukaona mawu akuti STUDLESS, dziwani kuti mphira wake ndi wofewa, anaupangira msewu wa madzi oundana. Pa phula lathu lotenthali amadyeka msanga, ndipo mabuleki sagwira momwe mukuyembekezera. Lisiyeni, ngakhale wogulitsa atsitse mtengo.

Tsono saizi. Tsegulani chitseko cha dalaivala. Magalimoto ambiri ali ndi kapepala komata pamenepo konena saizi ndi mpweya woyenera. Langali ndi 175/70 R13. 175 ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita, 70 ikunena kuti msinkhu wa m'mbali ndi 70 peresenti ya kutambalalako, 13 ndi limu m'mainchesi. Anyamata amakonda matayala opyapyala m'mbali ati galimoto ioneke bwino. Tapitani nawo njira ya kumudzi ku Chadiza, dzenje limodzi lokha limu yapindika. Nambala yotsatirayi, 82, ndi ya katundu: tayala limodzi limanyamula makilogalamu 475. Inu onyamula feteleza, musatsike pansi pa nambala yomwe galimoto inabwera nayo.

Eya, amalume, ndamva funso lanu loti mutani ngati ndalama sizikukwana matayala onse anayi. Ndalama zikakwana awiri okha, gulani ofanana, ndipo atsopanowo muike kumbuyo. Ambiri amadabwa. Mvula ikagwa, kutsogolo kukaterereka mumamva m'manja nkuchepetsa liwiro, koma kumbuyo kukaterereka galimoto imazungulira musanaganize n'komwe.

M'kati mwa mizeremu muli timabampu ting'onoting'ono. Tayala likadyeka mpaka kulingana nato, kwatsala mamilimita 1.6 okha, latha limenelo. Musadikire kuti akakuuzeni a RTSA, bungwe loona za chitetezo cha pamsewu. Likadyeka mbali imodzi, kapangitseni alayimenti, kuwongola mawilo kuja, musanaike latsopano, apo ayi nalonso lidyeka chimodzimodzi. Lotupa m'mbali ngati chithupsa silikonzeka, nsambo za m'kati zaduka.

Ndaona magalimoto asanu ndi imodzi panjapo. Tiyeni tituluke, aliyense agwade pa yake awerenge manambala anayi aja, ndi sipeya yomwe muitulutse m'buti.