Kudzichepetsa kapena kudzigulitsa motchipa? Za wosewera filimu amene wangoyamba kumene

[Chithunzi: m'mawa kugombe, kenako msika wa Mangochi boma]

Moni nonse amene mukutionera. Mnyamata akangooneka kamodzi mufilimu ya pa YouTube, mawa lake pamsika anthu amakhala atamuika kale pasikelo. Akadutsa osapereka moni kwa amayi ogulitsa usipa amene ankamukongoza, mawu amatuluka: "Wayamba kudzimva." Akafunsa wopanga filimu kuti amulipira zingati, mawu ndi omwewo: "Matama, filimu imodzi yomweyi?" Kusapereka moni ndi mwano ndithu. Koma kufunsa malipiro ndi ntchito, ndipo achinyamata ambiri aluso akusewera ulere chifukwa choopa kutchedwa odzikweza.

[Chithunzi: anthu akukonza kamera ndi maikolofoni pamchenga]

Tiyambe ndi kudzichepetsa kumene ojambula amakuona. Iwo sayang'ana kugwada kwanu, amayang'ana wotchi. Kunyanja kuwala kwabwino kumakhala m'mawa dzuwa likangotuluka ndiponso madzulo lisanalowe. Masana mchenga ndi madzi zimathwanima, maso amatsinzina, nkhope imachita mithunzi. Mukauzidwa 5 koloko m'mawa n'kufika 7 koloko, mwaphera gulu lonse tsiku. M'miyezi ya June ndi July mwera ukawomba maikolofoni amangomva mphepo, choncho wojambula mawu akati mubwereze kachisanu, bwerezani osadandaula. Vuto si inu.

China chimene ambiri amagwa nacho: gawo limodzi la nkhani lingajambulidwe Lolemba, lotsatira lake patatha sabata ziwiri. Mukameta tsitsi kapena kusintha maluko pakatipa osafunsa, zithunzi sizigwirizana polumikiza, ndipo wina alipira kujambulanso. Musaikenso zithunzi za pamalo ojambulira pa Facebook kapena TikTok wopanga filimu asanalole.

Ndipo gombe lili ndi eni ake. Filimu ya Shemu Joyah ya 2012, The Last Fishing Boat, inajambulidwa kuno ku Mangochi, ndipo aliyense wojambula kuno amagwira ntchito pakati pa makoka ndi mabwato a anthu. Pitani kwa mfumu kaye, lonjerani asodzi, phunzirani moni wa Chiyao, ndipo Lachisanu masana siyani mpata wa mapemphero.

[Chithunzi: dzanja likulemba papepala]

Tsopano mbali imene anthu amaitcha matama. Musanayambe kuloweza mawu, pemphani pangano lolembedwa. Tsamba limodzi likukwana. Palembedwe dzina la filimu ndi gawo lanu, masiku ojambula, ndalama zake komanso ngati ndi za patsiku kapena za filimu yonse, ndi tsiku lolipira. Palembedwenso amene alipire mayendedwe, chakudya ndi pogona mukapita ku Monkey Bay kapena Cape Maclear. Dzina lanu lilembedwe monga mukufuna lidzaonekere kumapeto kwa filimu, chifukwa ndi lomwelo limene wopanga filimu wina adzakusakireni. Funsaninso ngati nkhope yanu idzagwiritsidwe ntchito potsatsa malonda a kampani ina. Imeneyo ndi ntchito yapadera, ya malipiro akenso.

Ife timalangiza kuti mulandire gawo lina la ndalama musanayambe, zotsalazo pa tsiku lomaliza kujambula. Filimu ikatha mulibenso chogwirira. Landirani pa Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni utsale pafoni. Akati ndalama palibe, mwina akunena zoona, pakuti mafilimu ambiri kuno amapangidwa ndi ndalama za m'thumba. Pamenepo mungavomere, koma pemphani cholowa m'malo: zidutswa za magawo anu zooneka bwino, zoti mulumikize kavidiyo ka mphindi ziwiri kosonyeza luso lanu. Za ufulu wanu pa ntchito yojambulidwa, funsani ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito zaluso m'Malawi.

Kafunsidwe kake n'kofunika. Musafunse pagulu, kamera itayaka kale. Muitanireni pambali tsiku lisanafike: "Achimwene, ndakondwa mwandisankha. Tingalembe zimene tagwirizanazi kuti pasadzakhale kusamvana?" Wopanga filimu wachilungamo sakwiya ndi funso limeneli. Amene wakwiya, dziwani kuti tsiku lolipira lidzavuta.

[Chithunzi: wosewera akuyeserera mawu pansi pa mtengo]

Gawo laling'ono musalinyoze. Mu 2010 Tapiwa Gwaza anapata mphoto ya Africa Movie Academy Awards chifukwa cha gawo lothandizira mufilimu ya Seasons of a Life. Koma kukana kulinso ndi malo ake. Ngati gawo likufuna kuvula kapena zochitika zimene simungathe kuzionera pamodzi ndi akwanu, werengani nkhani yonse kaye, kambiranani, ndipo malire anu alembedwe m'pangano lomwe lija tsiku lojambula lisanafike.